Mng'ono Wake wa Maria

Zimene ndinataya m'chaka cha 2024 ndi izi:

Mkazi wanga, Filomina.
Ntchito imene ndinaigwira zaka khumi ndi chimodzi.
Nyumba ya boma ya zipinda ziwiri, ndi mtengo wa mandimu umene iye anabzala kuseri kwake.
Dzina loti "akalaliki", poti amene ankandiitana choncho anali iye yekha.
Tsiku lake lomaliza.

Tadala mwana wanga, anthu amalemba mbiri ya ntchito yawo atamera imvi. Ine ndikulemba ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, chifukwa ntchito yanga inatha msanga, ndipo inathera pa nkhani yako. Tsiku lina udzafunsa chifukwa chake ukukulira kwa Kaphwiti, pakati pa anthu amene amako sanawaonepo ndi maso. Udzamvanso anthu akunena kuti bambo ako sanali pachipatala pamene amako ankamwalira. Zimenezo ndi zoona. Ndikufuna uzimve kwa ine, mwa dongosolo lake.

2013: Paboma

Nditamaliza maphunziro a ku koleji ananditumiza ku Mchinji, ku chipinda chosungira mafayilo. Chinali chipinda chachitali cha zenera limodzi, chonunkha fumbi ndi ndowe za mileme. Mkulu wanga anali bambo Kamwendo, munthu wowonda amene ankavala jekete ngakhale mu Okutobala. Tsiku loyamba sanandifunse za satifiketi. Anandipatsa nsanza ndi tsache, n'kunena kuti ndiyambe ndadziwana ndi chiswe, poti ndi amene ndizigwira naye ntchito. Madzulo ake anandiuza mawu amene sindinawaiwale: "Munthu akafa amatsala malo awiri, kumanda ndi m'fayilo. Kumanda kuli adzukulu. Kuno kuli ife."

Zosowa zinali zambiri. Zikuto za mafayilo zikatha tinkatembenuza zakale n'kulemba kuseri. Zingwe zomangira tinkasomola m'matumba a feteleza. Inki ya chidindo ikauma, bambo Kamwendo ankadonthezamo madzi a tiyi, ndipo chidindo chinkatuluka chotuwa ngati chadwala. Magetsi akazima makompyuta awiri a mu ofesi yathu ankangokhala ngati miyala, anthu onse n'kubwerera kwa ife a mapepala. Pa zaka zinayi ndinaphunzira chinthu chimodzi bwino kwambiri: kupeza munthu pogwiritsa ntchito dzina la bambo ake. Mashelefu onse anali m'ndondomeko ya maina a abambo. Ukanditchulira dzina, ndinkatha kupita pomwe pali fayilo ngakhale nditatsinzina. Ndinkanyadira luso limeneli. Ndilo linadzandisocheretsa.

2017: Kalembera

Bambo Kamwendo atapuma, ine ananditumiza kukathandiza pa kalembera wa ziphaso za unzika. Gulu lathu linakhala pa sukulu ina ya pulayimale chakwa Mlonyeni, pafupi ndi maesiteti a fodya. Anthu a m'midzi sankavuta. Ankabwera ndi fomu yodindidwa kale, mudzi wa bambo ndi mudzi wa mayi zolembedwa bwinobwino. Ovuta anali matenanti, anthu olima fodya pa minda ya eni, amene ambiri makolo awo anachokera kutali.

Tsiku lachitatu panafika mtsikana atakoloweka tepi ya utelala m'khosi. Pa mzere wofunsa mudzi wa amayi anali atalembapo dzina la esiteti. Ndinamuuza, mwa ulemu wa mu ofesi, kuti esiteti si mudzi. Anandiyang'ana n'kunena kuti amayi ake anabadwira pa esitetiyo, agogo akenso chimodzimodzi.

"Ngati fodya ali ndi mfumu yake, lembani yomweyo," anatero.

Anthu pamzere anaseka. Ine ndinabwereza kuti esiteti si mudzi.

"Zimenezo mukawauze akufa athu, akalaliki, poti agona pomwepo."

Ameneyo anali amako. Tinachita zimene tinkachitira matenanti onse: fomu inapita kwa anyakwawa a mudzi woyandikana ndi esiteti, anadinda, ndipo chiphaso chinatuluka. Pepala linakhuta. Funso linatsala pomwepo. Patapita sabata ndinang'amba dala thumba la malaya anga kuti ndipeze chifukwa chopitira pakhonde pomwe ankasokera. Anayang'ana pong'ambikapo n'kundiuza kuti msomali sung'amba mowongoka chonchi. Anasoka, ndipo tinakwatirana chaka chotsatira. Pa chinkhoswe, mbali yake anaimira katekisiti wa pa esiteti, chifukwa amayi ake, mayi Agnesi, anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi zinayi, bambo ake anabwerera kwawo ku Mulanje kalekale, ndipo malume analibe.

2019: Munda ndi manda

Iwe unabadwa mu Meyi. Uli ndi miyezi itatu tinapita nawe kwathu kukakuonetsa. Anakulandira ndi nthungululu, anapha nkhuku. Pobwerera, amalume anga anatiperekeza mpaka pamsewu, ndipo ali pakati potsanzikana ananena mokoma mtima, osafuna kupweteka aliyense, kuti mwanayu amukonda ndipo adzadya nawo masiku onse, koma ife tikudziwa tokha mwambo wathu wa Chichewa: munda ndi manda, mwana amazipeza kwa amake. Kenako anafunsa Filomina kuti kwawo kwenikweni n'kuti, kuti azidziwa kokapereka uthenga. Amako anakonza nsalu imene anakuberekera.

Mu Novembala chaka chomwecho anatenga khasu kupita kukalambula manda a amayi ake ndi agogo ake. Manda a matenanti anali pangodya ya esiteti, pansi pa mitengo ya mthethe. Anapeza esiteti ili ndi mwini wina, mitengo itadulidwa, thirakitala itadutsa, mizere ya soya itakonzedwa kale kudikira mvula. Anandiuza kuti anayesa kuwerenga mapazi kuchokera pachulu chimene ankachikumbukira, koma chulu nachonso anali atachigumula. Anabwera kunyumba khasu lili loyera. Sanalire pamaso panga. Anatsegula buku la mapemphero la amayi ake n'kutulutsamo kakhadi kofiirira, kong'ambika m'mbali.

Linali khadi la ubatizo la agogo ake, mayi Rozina. Dzina la bambo linali lowerengeka: Zuze Kanyama. Dzina la mayi linali limodzi lokha: Maria. Chimene banja linkadziwa n'chakuti awiriwa anathawa ntchito yokakamiza kwa Apwitikizi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, anadutsa malire wapansi, n'kulowa m'minda ya fodya ya azungu. Mibadwo inayi inathera m'zigafa za fodya.

"Inu ntchito yanu ndi kupeza anthu," anatero amako. "Mupezereni mwanayu kwawo. Ine sindifuna kuti adzawerenge mapazi m'munda wa soya."

2021: Zomba

Ndinayamba ndi dzina limene linali lathunthu. Ndine Mchewa, ndipo ndinkadziwa ngati wina aliyense kuti mtundu umayenda ndi akazi. Koma Zuze Kanyama anali ndi maina awiri, ndipo maina awiri ndi chinthu chimene kalaliki angathe kuchigwira. Ndinalemba makalata, ndinafunsa nkhalamba za pa maesiteti, ndipo mu 2021 ndinatenga tchuthi cha sabata ziwiri kupita ku Zomba, ku nyumba yosungira zikalata zakale za boma. Ndinkagona kwa mnzanga wa ku koleji, m'mawa n'kumakakhala pa tebulo lalitali kudikira mabokosi.

Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinamupeza. Munali m'buku la msonkho wa nyumba la nthawi imene boma lathu linkatchedwa Fort Manning, pa tsamba la alendo ochokera kwa Apwitikizi. Mzungu kapena kalaliki wake analemba ndi inki yakuda: Zuze Kanyama, mudzi wobadwira wakuti, chakufupi ndi Furankungo, akugwira ntchito pa munda wakuti. Kumapeto kwa mzerewo kunali kabokosi ka akazi, ndipo m'menemo munali nambala 1. Ndinaiona nambalayo, koma sindinaiganizire.

Ndinafika kunyumba ndi fotokope ili m'pulasitiki, ngati mwana wobwera ndi zotsatira za mayeso. Ndinaiyala pa tebulo la makina osokera n'kuwerenga mokweza. Amako anamvetsera mpaka kumapeto, anandithokoza chifukwa cha ulendo, kenako anaika chala pa nambala ija.

"Akalaliki, mwapeza kwawo kwa mkamwini. Tikapita kumeneko akatipatsa mpando ndi madzi akumwa, basi. Agogo anga ndi awa mwawabweretsa ngati nambalawa."

Ndinakwiya, ndivomere. Ndinanena kuti azungu sankalemba akazi, ndipo ine sindingapeze chimene sichinalembedwe. Anayankha kuti akudziwa, n'kuyambanso kupalasa makina ake. Zaka ziwiri zinali zitapita pa munthu wolakwika.

2022: Mabuku a kumishoni

Amene ankalemba akazi anali a tchalitchi. Khadi lija linachokera ku parishi ina yakale ya kufupi ndi Kachebere, imene masiku amenewo inkayang'anira dera lalikulu, mpaka midzi ya kwa Kapondo. Mabuku ankasunga bambo Lazaro, katekisiti wopuma, amene ankamva khutu limodzi ndipo ankalankhula mokuwa ngati ali pa guwa. Sankalola munthu kugwira mabuku enieniwo, chifukwa mapepala ake ankathetheka ngati fodya wouma. M'malo mwake ankapereka mndandanda umene munthu wina anataipa m'Chingerezi zaka zambiri zapitazo, kutanthauzira zimene akatekisiti akale analemba m'Chinyanja.

Ndinkapitako Loweruka lililonse pa njinga. Amaria analipo ambirimbiri, koma mmodzi yekha anali mkazi wa Zuze. Anali pa mndandanda wa ophunzira katekisimu, ndipo pambali pa dzina lake panali mawu oti anachokera kwa Apwitikizi, anabwera ndi Lekeleni, kenako mawu a Chingerezi otanthauza mchimwene wamng'ono. Mudzi wake sanaulembe. Ndinamufunafuna Lekeleni ameneyu pa maina a amuna, m'mabuku a ubatizo ndi m'zimene ndinakopera ku Zomba, koma sanapezeke. Sindinadandaule kwambiri. Mchimwene akakwatira, ana ake amakhala a kwa mkazi wake, ndiye ngakhale ndikanamupeza sakanakupatsa mudzi. Ndinauza amako kuti njira yathera pamenepo.

Chaka chomwecho anandibweza paboma n'kundikweza kukhala woyang'anira chipinda cha mafayilo, pampando wa bambo Kamwendo. Bwana wathu watsopano anali mayi Nyirenda, munthu wachilungamo ndi wosakonda nkhani zambiri. Ntchito inachuluka, ndipo khadi la mayi Rozina linabwerera m'buku la mapemphero.

2023: Matenda

Za chaka chimenechi ndilemba pang'ono. Amako anayamba kutaya magazi, ndipo pamene tinkadziwa kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero inali itapita patali. Tinayenda maulendo a ku Lilongwe. Tchuthi changa chonse chinathera m'njira ndi m'makonde a zipatala. Mayi Nyirenda anandionjezera masiku kawiri popanda kulemba paliponse. Makina osokera tinawaphimba ndi chitenje. Mchemwali wanga Enelesi anabwera kudzakhala nafe, kuti azikusamalira iwe ndi kudikirira wodwala ine ndikakhala ku ntchito.

Febuluwale 2024: Mawu amodzi

Atagonekedwa komaliza pa chipatala cha paboma, amako anandipempha chinthu chaching'ono. Anati popeza mudzi walephereka, akufuna angoona dzina la Maria mmene linalembedwera ndi dzanja la munthu amene anamuona ndi maso, osati la pa taipi. Ndinapita kwa bambo Lazaro n'kuwafotokozera. Anakuwa kuti malamulo anapangidwira anthu amoyo wathanzi. Anatsegula kabati, anasamba m'manja, n'kutsegula bukulo okha. Ine ndinangojambula tsambalo ndi foni. Sindinaliwerenge n'komwe, chifukwa ndinkaganiza kuti ndikudziwa kale zimene zili pamenepo.

Masana amenewo amako anagwira foniyo pafupi ndi nkhope, akukulitsa zilembo ndi zala ziwiri. Anawerenga pang'onopang'ono: Maria, mkazi wa Zuze, wa kwa Apwitikizi. Wadza ndi Lekeleni, mng'ono wa Mariayo. Anabwereza mzere womalizawo, kenako anandiyang'ana monga anandiyang'anira pa kalembera paja.

"Munati anali mwamuna."

Ndinati ndi mmene zinalembedwera pa mndandanda.

"Mkazi sakhala ndi mng'ono wamwamuna, akalaliki. Akanakhala mwamuna akanalemba kuti mlongo. Uyu ndi mkazi. Koleji yonse ija?"

Anaseka mpaka ululu unamugwira, ndipo Enelesi anandikalipira kuti ndikumutopetsa wodwala. Koma ananena zoona. Ife a masiku ano timasokoneza mawu amenewa, koma anthu akale sankawasokoneza: mng'ono wa mwamuna ndi mwamuna, mng'ono wa mkazi ndi mkazi. Wotaipa uja anaona mawu oti mng'ono n'kuganiza za mnyamata, ndipo ine, mwini chinenero, ndinakhulupirira Chingerezi chake kwa zaka ziwiri osapempha kuona Chinyanja. Ngati Lekeleni anali mkazi, ana ake aakazi ndi zidzukulu zawo anali mbumba imodzi ndi amako. Anali abale ako a bere limodzi.

M'mawa mwake ndinali pakhomo la bambo Lazaro asanamwe tiyi. Tinasiya maina a amuna n'kutsegula buku la maukwati, mbali ya akwatibwi. Sizinatitengere ola. Sabina Lekeleni, wa kwa Apwitikizi, anakwatiwa ndi Yohane wa m'mudzi wa Kaphwiti, kwa Kapondo. M'buku la ubatizo munali ana awo aakazi atatu, onse obadwira kwa Kaphwiti. Bambo Lazaro anavula magalasi n'kunena, motsitsa mawu kwa nthawi yoyamba, kuti ndithamange.

Marichi 2024: Chisankho

Kuthamanga kunali ndi zopinga ziwiri. Choyamba chinali ntchito. Sabata imeneyo kunkabwera oyendera mafayilo kuchokera ku likulu, ndipo mayi Nyirenda anandiuza mosabisa kuti masiku anga anatha kalekale, sangathenso kundibisa. Sindinawaimbe mlandu. Ndinabwerera pa tebulo langa, ndinalemba kalata yosiya ntchito ya mizere inayi, ndinaidinda ndekha chidindo cholandirira makalata, n'kuiika m'fayilo yanga pa shelefu ya dzina la bambo anga. Ndinamva pambuyo pake kuti mayi Nyirenda anaitenga n'kuisunga m'dirowa sabata ziwiri podikira kuti mwina ndibwerera.

Chachiwiri chinali chovuta. Lolemba, namwino wamkulu anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti ndisapite kutali masiku ano. Ndinamva zimene ankatanthauza. Kwa Kaphwiti si kutali kwenikweni, koma inali nthawi ya mvula, misewu ya kwa Kapondo inali matope okhaokha, ndipo nkhani ngati imeneyi siikambidwa pa foni ndi anthu osakudziwa. Munthu amayenera kufika, kukhala pansi, kudikira eni ake asonkhane. Linali tsiku lathunthu, mwina awiri. Ndikakhala, ndikanamugwira dzanja mpaka kumapeto, kenako n'kukamuika ku manda a tauni pakati pa alendo, iwe n'kutsala ndi mudzi wa pa chidindo. Ndikapita, mwina ndikanapeza anthu okana, n'kutaya zonse ziwiri.

Ndinaganiza zokhala. Ndinamuuza amako choncho Lachiwiri m'mawa, n'kunama kuti mlatho wina wakokoloka. Anandilola kumaliza, kenako anafunsa Enelesi ngati mlongo wakeyu ankanama moipa chonchi kuyambira ali mwana. Enelesi anati inde. Amako anati nkhope yanga aiona zaka zisanu ndi ziwiri ndipo aidziwa bwino, chimene sanachione ndi mudzi. Anandipatsa uthenga woti ndikanene kumeneko. Ndinatuluka nthawi ya 7 koloko.

Ndinakwera minibasi, kenako njinga yamoto ya kabaza imene tinkaikankha m'malo ena. Ndinafika kwa Kaphwiti dzuwa lili pamutu, thalauza lili matope mpaka m'maondo. Nditatchula dzina la Lekeleni anandilozera pa chigafa china pomwe mayi wina wojintcha, wa zaka za m'ma fifite, ankasoka fodya. Dzina lake anali Sabina, dzina la agogo ake. Sanasiye ntchito. Anamvetsera akubaya masamba ndi singano, ndipo nditatulutsa mapepala anandifunsa ngati ndine wa boma wofuna kuyeza minda, kapena ndine mmodzi wa anthu a m'tauni amene amakumbuka abale mtedza ukakhwima. Ndinati ndinali wa boma mpaka posachedwapa, ndipo sindikudzifunira munda.

Anaitanitsa mlongo wake, bambo Filipo, amene ndi mwini mbumba, ndi azimayi ena awiri. Ndinawerenga maina motsatana: Maria anabereka Rozina, Rozina anabereka Agnesi, Agnesi anabereka Filomina, Filomina anabereka Tadala. Bambo Filipo anati mapepala aliyense angathe kulemba. Anafunsa ngati mkazi wanga akudziwa chilichonse cha Maria chimene sichili pa pepala. Ndinali ndi chimodzi chokha, chimene amako anandiuzapo akuseka: kuti agogo ake ankati amayi awo analibe chala chaching'ono cha kuphazi, chinadulidwa ndi msampha pa ulendo wodutsa malire.

Mayi Sabina anaika singano pansi. Anati agogo awo ankanena nkhani imeneyo chaka chilichonse: kuti msamphawo unali woti uwagwire iwo, koma mkulu wawo ndi amene ankatsogola. Ankati anamusiya mkulu wawo ku fodya, anapita kukamufuna kawiri koma anapeza matenanti atasamutsidwa, ndipo anamwalira akuganiza kuti Maria anafa wopanda mwana.

"Ndiye mwana wathuyo ali kuti? Bwanji watuma mkamwini m'malo mobwera yekha?" anafunsa.

Ndinanena uthenga wa amako monga anandipatsira, osaonjezera kanthu. Mayi Sabina anaseka n'kunena kuti abwere msanga, mtedza ukufuna anthu okumba, ndipo telala m'mudzimo mulibe. Anandipatsa madzi osamba m'mapazi. Ndili pakati posamba, foni inalira. Anali Enelesi. Nthawi inali itangopitirira 3 koloko.

Ndinabwerera pa chigafa paja n'kuwauza zonse zimene ndinabisa, ndi kuti amako atisiya. Ndinkayembekezera kuti anena kuti ndawapusitsa, kuti ndinabwera kudzafuna dzenje osati ubale, ndipo akanakhala ndi chifukwa chonenera choncho. Bambo Filipo anayang'ana mlongo wawo. Mayi Sabina anamanga chitenje chawo mwamphamvu n'kuuza mmodzi wa azimayi aja kuti akadziwitse amfumu ndi adzukulu kuti m'mudzi muno mwagwa maliro.

"Pambali pa agogo pali malo," anatero. "Mkulu wawo sanabwere, koma watumiza mdzukulu."

Tinafika ndi amako Lachinayi, pa lole ya parishi imene bambo Lazaro anatipemphera. Anthu amene sanamuonepo anamulira ngati anakula naye. Iwe unali ndi zaka zinayi, ndipo unagona pamiyendo ya mayi Sabina mwambo usanathe.

2025: Kwa Kaphwiti

Patatha chaka anandisudzula monga mwa mwambo, n'kundiuza kuti ndine womasuka kupita kulikonse. Ndinapempha kukhala pafupi. Ndimachita lendi kachipinda pa msika, ndimaphunzitsa pa sukulu ina yoyendera, ndipo Loweruka ndimathandiza bambo Lazaro kukopera mabuku aja m'chinenero chimene analembedwera. Tapezamo kale ang'ono ena atatu amene anasandutsidwa amuna. Makina osokera ali kwa mayi Sabina, akudikira miyendo yako italike. Kuseri kwa dambo kuli ndime imene bambo Filipo anaponda malire ake pamaso pa anthu n'kunena kuti ndi ya Tadala. Fomu iliyonse imene udzalembe, mzere wa mudzi wa amayi sudzakuvuta.

Anthu amandifunsa ngati ndimadandaula kuti ndinapita. Sindiyankha, chifukwa mayankho ake ndi awiri ndipo onse ndi oona. Chimene chimandipweteka si Lachiwiri lija. Ndi zaka ziwiri zimene ndinataya chifukwa cha mawu amodzi. Ndikanapempha kuona buku lenileni tsiku loyamba, amako akanafika kwa Kaphwiti ndi miyendo yawo, akanakumba mtedza, akanakangana ndi mayi Sabina za kasokedwe ka malaya. Enelesi amati amako sanavutike kwambiri, ndipo chakumasana anafunsa kawiri ngati mvula yasiya kumene ndinapitako.

M'mawa umene uja, nditavomera kupita, amako anandikonzera kolala ya malaya, imene inali itapindika. Dzanja lake linali lopepuka ngati pepala. Ndinafika pachitseko cha wodi, n'kumva akundiitana. Ndinatembenuka.

"Akalaliki, mukakafika musakanene kuti ndikudwala. Mukangowauza kuti tikubwera."